Masiku Khumi Pambuyo pa Chigamulo

Aliyense amene anaimapo pabwalo la khoti la majisitireti ku Mitundu kapena ku Nathenje patsiku la chigamulo akudziŵa zimene zimachitika woŵeruza akangotseka buku lake ndi kunyamuka. Wopezeka wolakwa amatuluka wapolisi ali pambali pake; abale ake amaunjikana pamthunzi, ndipo asanafike n'kumsewu komwe, mmodzi wa iwo amakhala atatulutsa kale mawu amene tonse tinawazoloŵera, akuti, "Tichita apilo." Mlandu ukakhala wa mbuzi yobedwa, mawu ameneŵa savuta. Koma ukakhala wa mwamuna amene wamenya mkazi wake mpaka kumuvulaza, amalemera kwambiri, pakuti wodandaula ndi womangidwa ndi anthu a nyumba imodzi, ana awo ndi amodzi, nkhokwe yawo ndi imodzi. Tsono maso onse a pamthunzi paja amatembenukira kwa mkaziyo, monga ngati kiyi wa ndende wamangiriridwa pansonga ya chitenje chake.

Nkhani ino ndalembera makamaka inu aphunzitsi, ndi inu anyamata ndi asungwana amene mwangotsiriza sukulu. M'midzi mwathu ndinu amene mumagwira cholembera zinthu zikavuta. Madzulo a tsiku lomwelo kudzafika kwanu munthu wachikulire, mwina amalume ake a womangidwa, mwina amayi ake omubereka, nadzati, "Aphunzitsi, tilembereniko kalata." Makalata amene angakupempheni ndi aŵiri. Yoyamba ndi yopita kukhoti, yonena kuti womangidwa sakukhutira ndi chigamulo. Imeneyo lembani msanga, ndipo lembani bwino. Yachiŵiri ndi yoti mkazi womenyedwayo adindepo chala, yonena kuti wakhululuka, kapenanso kuti ananama; imeneyo ndikupemphani kuti muikane, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndiyambe ndi kuikira kumbuyo apilo, pakuti alipo anthu a mtima wabwino amene akamva kuti womenya mkazi wachita apilo amaona ngati lamulo likuseka mabala a mayiyo. Sindigwirizana nawo. Woŵeruza ndi munthu. Amatopa, amamva molakwa, ndipo nthaŵi zina amaŵerenga lamulo mokhota. Komanso ife a ku Malaŵi tili ndi chifukwa chathuchathu choopera bwalo limene lilibe wina woliyang'anira. Kuyambira mu 1970 milandu ikuluikulu, monga ya kupha munthu, inkapita kumakhoti a miyambo a m'zigawo, kumene loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu, ndipo apilo yake sinkafika ku Khoti Lalikulu koma inkathera m'bwalo lina la mtundu womwewo. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti lotere mu 1983, ndipo apilo yawo inakanidwa mu 1984. Chilango chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse; a Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu 1993. Amene analemba Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 anali asanaiŵale zimenezi. N'chifukwa chake m'ndime 42 anaikamo ufulu wa munthu aliyense woimbidwa mlandu wokadandaula kukhoti lapamwamba kuposa limene linamuŵeruza poyamba. Liwu loti aliyense silipatula munthu. Muli mbala, muli wandale, mulinso mwamuna amene anatyola mkono wa mkazi wake ndi mpini wa khasu. Ndipo tisaiŵale, muli mkazi amene anathira mwamuna wake madzi otentha, pakuti milandu yoteroyo iliponso.

Kuti timvetse apilo, tiyambire kumene mlandu umayambira. M'buku la milandu ndi zilango, lotchedwa Penal Code, mwamuna womenya mkazi wake amaimbidwa mlandu monga momwe akanaimbidwira atamenya munthu wodutsa m'njira. Kumenya wamba, kopanda bala, chilango chake sichipitirira chaka chimodzi. Kumenya kosiya bala kapena chotupa kungafike zaka 5. Kuvulaza koopsa, monga kutyola fupa kapena kuwononga diso, kungafike zaka 14. Chimene chimasiyanitsa milandu itatuyi kaŵirikaŵiri ndi kalata ya kuchipatala, ija imene mayi amabwera nayo apolisi akamutumiza kukapimidwa. Koma taonani izi: pamwamba pa fayilo ya mlandu salembapo kuti mkazi akutsutsana ndi mwamuna wake. Amalemba kuti Boma likutsutsana ndi uje. Mayiyo ndi mboni chabe, ngakhale kuti mwazi umene unatayika ndi wake. Mfundo imeneyi muisunge, pakuti zonse zotsatira zatsamira pa iyo.

Chigamulo chikaperekedwa, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limapatsa wopezeka wolakwa masiku 10 okha kuti adziŵitse khoti, mochita kulemba, kuti akufuna kuchita apilo. Palinso masiku 30 oti apereke chikalata chofotokoza zifukwa zake, kuŵerengera kuyambira tsiku la chigamulo, kapena tsiku limene walandira kope la chigamulo ngati analipempha podziŵitsa khoti za apiloyo. Ngati ali kale m'ndende, monga ku Maula, lamulo limamulola kupereka chikalatacho kwa mkulu wa ndende kuti achitumize. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ananena zoona; koma nthaŵi ya apilo imaola. Khoti Lalikulu lingathe kulandira apilo yochedwa, komatu pokhapokha patakhala chifukwa chomveka, ndipo kunena kuti tinali kudikira msonkhano wa banja, kapena kuti tinali tisanagulitse fodya, ndi chingwe chofooka chimene munthu wanzeru sangapachikepo zaka zake. Kalata yoyambayo siivuta: dzina la womangidwa, nambala ya mlandu, khoti limene linaŵeruza, tsiku la chigamulo, ndi mawu oti akudandaula ndi kupezeka wolakwa, kapena ndi chilango, kapena ndi zonse ziŵiri. Muzipemphanso m'kalata momwemo kope la chigamulo. Mwana wa Folomu 4 angalembe zimenezi patsamba limodzi.

Zifukwa zake ndizo zimafuna munthu wodziŵa malamulo, ndipo pano ndichenjeze. Pafupi ndi makhoti sipasoŵa akamberembere, ovala jekete ndi kunyamula chikwama, amene amalonjeza kuti adzatulutsa munthu pakutha pa sabata ngati banja lipereka mbuzi ziŵiri. Safunsa anadya phula. Boma lili ndi ofesi yothandiza osauka pamilandu, Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015 ndipo ili ndi maloya mumzinda wa Lilongwe. Aliponso alangizi a zamalamulo a Paralegal Advisory Service, amene akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000. Ulendo wa paminibasi kuchokera ku Mitundu kudzera ku Bunda, kapena kuchokera ku Nathenje kutsata msewu wa M1, ndi wotsika mtengo kuposa mbuzi ziŵiri.

Ambiri amaganiza kuti ku Khoti Lalikulu mlandu umayambiranso pachiyambi, mboni zonse n'kuitanidwanso. Si mmene zimakhalira. Jaji amaŵerenga zimene majisitireti analemba, namva mbali zonse ziŵiri pa zolembedwazo. Umboni watsopano amaulola mwa apo ndi apo, pakakhala chifukwa chenicheni. Mafunso ake ndi onga aŵa: kodi umboni unali wokwanira kuchotsa chikayiko? Kodi woimbidwa mlandu anapatsidwa mpata wofunsa mboni za Boma ndi kuitana zake? Ngati ananena kuti ankadziteteza, kodi woŵeruza anaganizirapo mawuwo kapena anangowadumpha? Kodi chilango chikulingana ndi kukula kwa bala? Ndipo si kulakwitsa kulikonse kumene kumagwetsa chigamulo. Lamulo limati cholakwa chimene sichinapotoze chilungamo sichikwanira kumasula munthu. Mwachidule, amene ali pamlandu ku Khoti Lalikulu ndi chigamulo cha majisitireti.

Pali chinthu china chimene chimagwetsa anthu ambiri a kumudzi, ndicho kuvomera mlandu. Lamulo limati munthu amene anavomera yekha sangachite apilo yotsutsa kupezeka kwake wolakwa. Angadandaule za kukula kwa chilango kapena kuloleka kwake basi. Komabe kuvomera kuyenera kukhala kwathunthu, ndipo khoti liyenera kutsimikiza kuti wovomerayo akumvetsa chimene akuvomera ndi zotsatira zake. Tiyerekeze munthu amene wafunsidwa ngati akuvomera, iye nati, "Ndikuvomera, bwana, koma anayamba ndi iyeyo kundithamangitsa ndi chikwanje." Ameneyo sanavomere, wakana mwaulemu, monga timakanira ife Acheŵa pamaso pa akuluakulu. Tsono zolembedwa za khoti zimakhala m'Chingerezi. Mawu atuluka m'Chicheŵa, adutsa pakamwa pa womasulira, nafika papepala ndi dzanja la woŵeruza amene ali ndi milandu ina yambiri tsiku lomwelo. Ngati "koma" uja anagwera panjira, munthu angakhale zaka m'ndende chifukwa cha liwu limodzi losoŵa. Apilo inakhazikitsidwira zinthu zotere, ndipo amene amainyoza sanaganizire za munthu ameneyu.

Wofuna apilo adziŵenso kuti mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Khoti Lalikulu lingamasule munthu, lingalamule kuti mlandu uzengedwenso, lingachepetse chilango. Koma lilinso ndi mphamvu yochiwonjezera, litamumva mwini wake, likaona kuti majisitireti anachita chifundo chopitirira. Mwamuna amene analandira miyezi 18 atawononga diso la mkazi wake aganize kaŵiri asanapemphe jaji kuti aŵerenge kalata ya kuchipatala ija. Kuchita apilo sikutsegulanso chitseko cha ndende tsiku lomwelo. Belo ya munthu wopezeka kale wolakwa imaperekedwa pazifukwa zapadera zokha. Ndipo ngakhale popanda apilo, lamulo limafuna kuti zilango zina zitumizidwe ku Khoti Lalikulu kuti likazitsimikize, makamaka pamene munthu wolakwa koyamba waponyedwa m'ndende. Wolephera ku Khoti Lalikulu angapitirire ku Supreme Court of Appeal, koma kumeneko angadandaule pa mfundo za malamulo zokha.

Zonsezi n'zolembedwa, ndipo n'zosabisika. Nanga mabanja ambiri amathera kuti masiku khumi aja? Amathera pakhonde la mayi womenyedwa. Apongozi amafika mmamaŵa, alamu masana, ankhoswe madzulo. Mawu ake timawadziŵa: banja ndi kupirira, wamangitsa bambo wa ana ako, fodya ali m'munda, adzathyola ndani, mudzi ukuti chiyani. Wina amabwera ndi nkhuku, wina ndi misozi, wina ndi mawu ozungulira amene aliyense wa kwathu amamva kuti ndi chiopsezo. Pomalizira pake amafuna pepala. Amakhulupirira kuti mayi akangodinda chala, apolisi adzatsegula chitseko.

Pepala limenelo silitsegula chitseko chilichonse. Tanena kale kuti mlandu ndi wa Boma. Munthu sangachotse chimene si chake, ndipo chigamulo chikaperekedwa ngakhale wapolisi amene anazenga mlanduwo sangachifafanize. Lamulo limapereka mpata woyanjanitsa anthu, inde, koma pamilandu yaing'ono monga kumenya wamba, mlandu usanagamulidwe, ndiponso pamaso pa khoti. Silinapereke mpata umenewo kwa munthu wotyola fupa. Kalata yonena kuti "ndakhululuka" siisonyeza kuti majisitireti analakwitsa, choncho siiyankha funso lililonse mwa mafunso a jaji aja. Kalata yonena kuti "ndinanama" ndiyo yoipa koposa. Mayiyo analumbira m'khoti, ndipo kunama utalumbira ndi mlandu paokha. Kotero pepala limene abale akuti lipulumutse mwana wawo lingathe kuika mpongozi wawo m'mavuto, bala lisanapole n'komwe. Jaji adzaliika pambali pa kalata ya kuchipatala, nadzafunsa kuti, ngati ananama, mkonowo unatyoka ndi chiyani? Ndipo inu amene munalemba ndi dzanja lanu lokongola la kusukulu, mudzakhala mutabwereketsa maphunziro anu kuti munthu wovulala amenyedwe kachiŵiri, ulendo uno ndi cholembera.

Sindikunena kuti mavuto a mayiyo ndi ongopeka. Ndi enieni, ndipo ndi amene amapatsa mphamvu mawu a apongozi. M'dera la fodya, chimanga ndi nsaŵa ngati lathu, mwamuna akamangidwa mwezi wa Disembala ndiye kuti kupalira ndi kubandira kwagwera munthu mmodzi, amene mwina dzanja lake lili m'pulasitala. Fizi ya mwana wa kusekondale siidikira apilo. Alipo amayi amene amapita okha kupolisi kukapempha kuti amuna awo atuluke, popanda wowakakamiza wina koma njala. Sindingawaŵeruze. Koma mudzi umene uli ndi chifundo chenicheni ungaonetse chifundocho ndi makasu: alamu amene ali ndi nthaŵi yokhala pakhonde tsiku lonse ali nayonso nthaŵi yopalira munda wa ana a mbale wawo. Kukhululuka, ngati kudzabwera, ndi kwa mwini bala, pa nthaŵi yake, ndipo sikufuna chidindo.

Ankhoswe nawonso akumbuke ntchito yawo. Pamwambo wathu nkhoswe ya kuchikazi ndi mwini mbumba anaikidwa kuti ayang'anire mwana wawo m'banja. Mkamwini wozunza ankaitanidwa, nadzudzulidwa, ndipo akapanda kumva ankamusonyeza njira ya kwawo. Mwambo umene umangodziŵa kuuza mkazi kuti apirire ndi mwambo wodulidwa mwendo umodzi. Kaŵirikaŵiri mlandu umene wafika kukhoti si woyamba. Unadutsa kale kwa ankhoswe kaŵiri kapena katatu, ndipo unathera pa nkhuku ndi kupepesa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiŵerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene anakwatiwapo anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana, kapena kuzunzidwa m'maganizo. Yerekezani chiŵerengero chimenecho ndi milandu yochepa imene mumaiona kukhoti la kwanu, ndipo mudzazindikira kuti mayi amene wafika mpaka pamaso pa woŵeruza wadutsa mipanda yambiri.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti dongosolo lathu la apilo likupereŵera. Popeza mayiyo ndi mboni chabe, apilo imayenda popanda iye. Womangidwa ali ndi loya kapena mlangizi, Boma lili ndi woliimira, koma amene anamenyedwa ali kumudzi, makilomita ambiri kuchokera ku Lilongwe, ndipo n'kotheka kuti adzadziŵa zotsatira za apilo poona mwamuna wake akutsika panjinga yakabaza pakhomo. Kumasulidwa pa apilo sikutanthauza nthaŵi zonse kuti munthu sanamenye. Nthaŵi zina kumangotanthauza kuti mlandu unazengedwa molakwika. Munthu wotereyu amabwera ndi mkwiyo wa miyezi imene wakhala m'ndende, ndipo mudzi wonse umakhala utamuuza kale amene anamumangitsa. Usiku woyamba umenewo ndi woopsa kuposa usiku umene unayambitsa mlandu.

Chida chotetezera mayiyo chilipo, ngakhale kuti ambiri sachidziŵa. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act, m'nyengo imene dziko linali litanjenjemera ndi nkhani ya mayi wa ku Dowa amene mwamuna wake anamudula manja. Lamulo limeneli limalola khoti la majisitireti kupereka chikalata choteteza, choletsa wozunza kumenya, kuopseza kapena kuyandikira wodandaula. Lingathenso kulamula kuti wozunzidwa akhale m'nyumba, wozunza akhale kunja. Kuswa chikalata chimenechi ndi mlandu. Chofunika kwambiri n'chakuti chikalatachi sichidalira zotsatira za apilo. Mwamuna angapambane ku Khoti Lalikulu, chikalata choteteza n'kukhalabe ndi mphamvu. Choncho ufulu wa womangidwa ndi chitetezo cha womenyedwa sizilimbana. Zingayende pamodzi, chilichonse m'njira yake. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, imene ambiri amaitchula kuti Victim Support Unit, ndipo ndiko koyambira kufunsa za chikalatachi.

Ndikanakonda kuti ofesi imeneyi ndi akalaliki a makhoti akhale ndi chizoloŵezi chimodzi chosafuna ndalama zambiri: apilo ikaloŵa pamlandu wa nkhanza za m'banja, wodandaula adziŵitsidwe; belo ikaperekedwa kapena chigamulo chikasinthidwa, adziŵitsidwe mwamunayo asanatuluke pachipata cha ndende. Masiku ano m'mudzi uliwonse muli foni, ndipo nambala imodzi yolembedwa pafayilo ingakwanire. Mafumu athu, amene amamva nkhani zotere tisanazimve tonsefe, angathandize pouza abale a mbali zonse ziŵiri pabwalo kuti mlandu uli m'manja mwa khoti, ndi kuti wopita kukavutitsa mboni akudziputira mlandu wake.

Tsono wachikulire uja akafika pakhomo panu madzulo, mulandireni, mumupatse mpando, pakuti nayenso ali ndi chisoni chenicheni. Mwana wake wagona pasimenti. Mufunseni tsiku limene chigamulo chinaperekedwa, muŵerenge naye masiku pa zala, ndipo mulembe kalata ya kukhoti usiku womwewo. Mumuuze za ofesi ya maloya a boma ndi za kuopsa kwa chilango chowonjezereka. Akatulutsa pepala lachiŵiri, munene mwaulemu kuti, "Agogo, ili silingathandize mwana wanu, ndipo lingapweteke mayi wa adzukulu anu." Mmaŵa mwake, ngati mayiyo ndi wa m'mudzi mwanu, mupeze njira yoti amve, kudzera mwa akazi anu kapena mwa amayi a kumpingo kwake, kuti apilo yaloŵa, kuti iye sakakamizidwa kudinda chala pa chilichonse, ndi kuti khoti lomwe lija la ku Mitundu kapena ku Nathenje lingamupatse chikalata choteteza mwamuna wake asanabwere.